Mlamu Wanga pa Bowo la Katumbu

Dzuwa linali litalowa kale mu Okutobala, kudzaonekanso mu Febuluwale. M'nyengo imeneyo kwathu kuno, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, nthawi umaidziwa ndi njala basi.

Tsiku limenelo ndinamwa khofi, n'kumangirira agalu khumi ku chileyi kuti ndikasake akatumbu pa nyanja youndana. Mkazi wanga Navarana anali woyembekezera, masiku atayandikira, ndipo nyama m'nyumba inali itatha.

"Musakachedwe," anatero. "Ndipo kuja musakafikeko."

Kuja n'kumene ayezi anasweka ndi mchimwene wake chaka cham'mbuyo mwake. Dzina lake sitinkalitchula. Kwathu dzina la wakufa limagona mpaka khanda litalitenga, koma apongozi anali atakaniratu kulipereka. Ankati mtembo sanauone.

Pobwerera, chimphepo chinandipeza. Nyenyezi zinazima. Wotchi inaima ndi kuzizira. Ndinagona pachileyi kawiri, mwina katatu, sindikudziwa. Mphepo italeka ndinachita zimene aliyense amachita: kufufuza ndi phazi mizere imene mphepo imasema pa chipale chofewa, poti nthawi zonse imaloza kumtunda. Ndinaitsata. Agalu anakana. Ndinawakalipira, ine wanzerune, mpaka anayenda.

Kenaka ndinaona munthu.

Anali atawerama pa bowo lopumira katumbu, mkondo m'manja, ali duu. Chileyi analibe. Agalu analibe. Ndinamuwalitsa ndi tochi. Pakamwa pake sipankatuluka nthunzi. Thalauza lake la chikopa cha chimbalangondo linkadontha madzi, m'chisanu choti malovu amauma asanafike pansi.

"Alamu," anatero osadzutsa mutu, "kumeneko mukukasamba?"

Mawuwo ndinkawadziwa. Ndi mmene ankandisekera masiku onse. Mantha anandigwira, pakamwa panatseguka pokha.

"Qillaq!"

Anaweramuka pang'onopang'ono.

"Ee, koma mwachedwa kunditchula. Msana wandipweteka." Analoza ndi mkondo kumene ndinkachokera. "Mphepo ija inatembenuka, yasema mizere yatsopano. Kwanu n'uko. Mlenje wanji wosamvera agalu ake?"

Mutu unaima. Phazi linkati kutsogolo, wakufa akuti kumbuyo. Ndikhulupirire ndani? Agalu sanadikire yankho langa. Anatembenuka okha, ine n'kudziponya pachileyi. Tisanapite patali, kumbuyo kunamveka phokoso ngati mfuti. Ayezi amene ndinkalowera aja anali akusweka. Nditacheuka, panalibe munthu.

Ndinafika kumudzi ndikuganiza kuti ndatha masiku awiri. Anandiuza kuti asanu. Navarana anali atachira, mwana wamkazi. Khandalo linalira masiku awiri osayamwa, anthu mpaka kutaya mtima. Kenaka linangoti zii, n'kuyamba kuyamwa, ine nditatsala pang'ono kufika.

Apongozi anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Mwamutchula, eti?"

Iwo ananyamula khandalo, misozi ili mbwembwembwe, n'kulifunditsa chikopa china pamwamba.

"Wafika, mwana wanga? Wazizidwatu iwe."

Ena pamudzi amati chisanu chinandisokoneza mutu. Ena amangotsitsa mawu ndikamadutsa. Ineyo sindidziwa chimene ndinaona. Koma mwana wangayo dzina lake ndi Qillaq, pano ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ndimamuitana kuti alamu. Tikakhala pa ayezi, iye akaloza njira, sinditsutsa.