Kasanza ka Pabenchi ya Neba

Pamzere wonse wa ogulitsa masipeyala, benchi yomvetsa chisoni inali ya Mabawuti. Dzinali anam'patsa anzake chifukwa ankangogulitsa mabawuti adzimbiri, pamene neba wake, Chimimba, ankaphwasula magalimoto ochokera kunja. Pakhomo Mabawuti ankadalira mkazi wake, yemwe ankadula zovala zakale n'kumagulitsa sanza kwa amakanika ndi ogulitsa masipeyala. Nsanje inamudya mpaka anapita kwa sing'anga.

"Kuseriku kuli galimoto yakunja ya mpikisano, yochita ngozi," anatero sing'angayo. "Itenge, ogula azichita kulimbirana. Koma undibweretsere nsalu ya thukuta la munthu. Chochoka pagalimoto chizichokanso pa iyeyo."

"Basi zomwezo, agogo?"

"Wogula osam'bweza. Ukam'bweza, chidzachoka pa iwe."

Mabawuti anangoseka. Mawa lake anaba kasanza kopukutira oyilo pabenchi ya Chimimba n'kukapereka, ndipo anabwera nayo galimoto ija.

Magetsi ake anagulidwa tsiku lomwelo, pamtengo woti sanaulotepo. Atafika kunyumba, mkazi wake anafunsa, "Bambo a kunyumba, chifunga chimenechi masana ano?" Kunja kunali dzuwa loswa mtengo. Atagulitsa matayala, mayiyo miyendo inafooka. Atagulitsa hutala, mawu a mayiyo anathera kukhosi. Koma Chimimba ankangonenepera.

Mabawuti anathamangira kwa sing'anga, mtima uli m'mwamba. Mkuluyo anatambasula kasanza kaja. Pansi pa oyilo panaoneka timaluwa tobiriwira. Inali diresi yakale ya mkazi wa Mabawuti.

"Thukuta loyamba ndi lomwe limagwira," anatero sing'angayo. "Ndani sadziwa kuti chakale chili ndi mwini wake woyamba? Si ntchito yako imeneyo?"

Pobwerera kubenchi yake, Mabawuti anapeza bwana wa suti akusisita injini, chikwama chodzaza ndalama chili pabenchi. Mabawuti anadziwa bwino lomwe kuti injini ndi mtima wa galimoto. Anagwira pachifuwa pake, anayang'ana chikwama chija, ndipo poopa kuti akam'bweza wogulayo chichoka pa iye, anati, "Nyamulani, bwana."

Injini isanatuluke pageti, uthenga wa maliro unafika.

Lero Mabawuti amayenda m'misewu atavala sanza. Akamva galimoto yaliwiro ikubangula amaithamangira akukuwa, "Bwezani mtima wa mkazi wanga, ndalama zanu nazi!" M'manja mwake mumakhala mabawuti adzimbiri.

Dyera ndi loipa, abale. Chuma chothamangira umati chidya neba, koma chimayambira kudya m'nyumba mwako.