Mchira wa Badal

Sugna anaima kuseri kwa khola la mbuzi, sizasi ya amayi ake ili m'manja. Chikondwerero cha mvula chinali mawa lake, ndipo kusukulu anamusankha kuti akavine gule wa pikoko. Koma nthenga analibe. Anzake anatola zawo chaka chatha, iye ali kalikiliki ndi masewera.

"Ndiye ukavina ndi chiyani iwe, nthenga za nkhuku?" Gulabo, mnzake wa pakamwa polasa, anamuseka choncho kalasi yonse ikumva.

Pakhomo pawo panali Badal, pikoko amene bambo ake anamulera. Dzira lake analitola m'munda wa mchewere thirakitala itaphwanya chisa, nkhuku n'kulifungatira. Chaka chimenecho m'pamene mchira wa Badal unakula mokwanira, ndipo thadzi lina lakutchire linali litayamba kubwera pabwalo kudzatola mchewere.

"Mpongozi wathu uyo," bambo ake ankanong'ona, nkhope ili mwee. "Badal akangomuvinira bwino mvula ikamayamba, tiona anapiye pakhomo pano."

Mwana aliyense m'mudzimo ankadziwa mwambo wake: nthenga ya pikoko amatola pansi, sachotsa pathupi. Sugna ankaudziwa bwino lomwe, koma chitonzo cha Gulabo chinamukulira. Anatambasula dzanja lodzaza mchewere. Badal anabwera mosakayika, monga ankachitira kuyambira ali mwanapiye. Sugna anamufunditsa nsalu yake yakumutu, n'kudula nthenga zapakati, zazitali zija za maso obiriwira. Badal anaphiriphitha, napulumuka, n'kuulukira mumtengo wa nimu akulira.

Kusukulu anavinadi mwana uja. Anthu anawomba m'manja, ngakhale Gulabo yemwe.

Madzulo ake kumwamba kunada bii, mphepo ikununkhira dothi lonyowa. Thadzi lija linatera pabwalo. Badal anatsika, nadzutsa mchira wake n'kuyamba kuunjenjemeretsa. Koma pakati penipeni panali chimpata, ngati mpanda umene ng'ombe yathyola. Iye sankadziwa. Anavina ndi mtima wonse, kutembenukira uku, kutembenukira uko. Thadzi linamuzungulira kamodzi, kuyang'ana, n'kuyamba kujompha pansi. Kenaka kukachisi kunamveka kulira kwa pikoko wina, ndipo thadzi linadumpha chipupa osacheuka.

Bambo ake a Sugna anali pakhonde, kapu ya tiyi itazizira m'manja. Anayang'ana zitsa za nthenga zodulidwa bwinobwino, kenaka nthenga zimene zinkasuzumira m'chikwama cha Sugna.

"Mwana wanga, wavina bwino kusukulu?"

"Eya, Bapu," anayankha, maso ali pansi.

"Chabwino. Bola pakhomo pano wina wavinako bwino."

Sanakalipe, sanatenge mkwapulo. Sugna analakalaka akanangomukwapula, chifukwa chete ameneyo anawawa koposa.

Masiku otsatira Badal ankavinabe pabwalo. Ankavinira mbuzi, nkhuku, nthawi zina mtsuko wamadzi. Sugna akamuona ankalowa m'nyumba, misozi ili chuchuchu. Thadzi silinabwerenso. Mvula itatsala pang'ono kutha, Sugna analiona kuseri kwa kachisi, anapiye ali ndondondo pambuyo pake. Bambo ake analionanso, n'kungodutsa khasu lili paphewa.

Nthawi yomweyo m'pamene mchira wa Badal unayamba kuthothoka wokha, monga michira ya apikoko imachitira chaka chilichonse. M'mawa uliwonse nthenga zinkapezeka mbwee pansi pa nimu, zochuluka kuposa zimene Sugna akanatha kunyamula. Anazitola, kuzimanga bwino, n'kupita nazo kusukulu.

"Iii, zonsezi? Ukufuna kutiphanso ndi gule chaka chamawa?" anatero Gulabo.

"Ayi, n'za aliyense amene adzasowe. Tenga usunge ndiwe."

Atabwerera kunyumba anatapa mchewere, nanjuta pabwalo, n'kutambasula dzanja. Badal anamuyang'ana ndi diso limodzi, anayang'ana nsalu yakumutu ija, n'kuima patali. Dzanja linatopa. Sugna anathira mchewere pansi n'kubwerera m'mbuyo mpaka pakhonde pamene panali bambo ake. Apo m'pamene Badal anayandikira n'kuyamba kudya.

"Bapu, mchira uja udzameranso?"

"Mchira udzamera, mwana wanga. Mvula ikadzabwera adzavinanso."

"Nanga kudya m'dzanja langa?"

Bambo ake anamuyang'ana Badal kwa kanthawi, napukusa mutu pang'onopang'ono.

"Zimenezo sindikudziwa."