Malemu a mu Gemu

Loweruka limenelo Kafulumira anakhala pampando wa pabalaza atapinda miyendo, mtima ukugunda ngati wa munthu woti waba shuga. Sanabe shuga ayi. Anaba mathero a gemu, ndipo chinsinsicho chinkamuyabwa m'kamwa.

Dzina loti Kafulumira anam'patsa ndi amayi ake. Iye ndi mlongo wake anali mapasa, koma iyeyo ndiye anayamba kutuluka, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanadikirepo kanthu. Tiyi ankamwa ali wotentha n'kupsa lilime. Buku ankayambira tsamba lomaliza. Mlongo wakeyo ankatchedwa Chidodo, mnyamata woti pomanga zingwe za nsapato umatha kukaphika madzi n'kubwera asanamalize phazi lachiwiri.

Amalume awo anawasiyira laputopu yakale, yothothoka batani limodzi, ndipo m'menemo munali gemu yoopsa. Sinali ya mizukwa yodumphira munthu kumaso ayi, inali yosokoneza mutu. Mu gemumo umakhala mnyamata amene wabwerera kwao patapita nthawi yaitali. Ukalowa m'nyumba umapeza zitseko zasintha malo, makolo akulankhula zosagwirizana, ndipo wokuthandiza ndi mmodzi yekha: mchemwali wako wamkulu, wovala juzi yachikasu, amene amakutsogolera chipinda ndi chipinda.

Mapasawo anapangana kuti gemuyo adzaimaliza limodzi, ndipo wina asayerekeze kukafufuza mathero kwina. Kwa Kafulumira panganoli linali lalikulu kuposa mmene ankaonetsera. Chilowereni mu timu ya mpira, Chidodo anali ndi anzake atsopano, nthabwala zatsopano, ngakhale kayendedwe katsopano. Loweruka masana, akamaliza kuchapa, inali nthawi yokhayo imene awiriwo ankakhalabe phewa ndi phewa ngati kale.

Koma mkati mwa sabata, pa nthawi yopuma kusukulu, mnzake wa pa desiki anatulutsa foni n'kumuonetsa vidiyo ya munthu wina akusewera gemu yomweyo. Kafulumira anati angosuzumira pang'ono. Kusuzumirako kunam'fikitsa pamene mnyamata wa mu gemu akupeza chithunzi cha maliro n'kuzindikira kuti mchemwali wa juzi yachikasu uja anamwalira kalekale, kungoti mtima wa mnyamatayo ukukana kuvomereza. Belu linalira, foni inabwerera m'chikwama, koma zimene anaona sizikanabwereranso.

"Taona apa," anatero Chidodo, mphuno ili pafupi kugunda sikirini. "Patebulo pakhala anthu anayi. Mbale zilipo zitatu. Waona?"

"Mwina wina sakudya," anayankha Kafulumira akuyang'ana kudenga.

"Ndi zimene ndikuganiza! Koma ndani? Ndipo chifukwa chiyani?"

"Inu awiri, tsegulani katani," anatero amayi awo ali pakona, pamene ankapinda zovala zochokera pachingwe. Anali ataima tsiku lonse la dzulo lake kusitolo kumene ankagwira ntchito, ndipo miyendo inali ikuwakumbutsabe. "M'nyumba muno si m'phanga. Mukufuna ndipinde malaya ndi kupapasa?"

"Amayi, mdima ndi umene umakometsa," anatero Chidodo.

"Udzakometsa kunyumba kwako. Tsegula."

Katani inatsegulidwa theka. Chidodo anapitiriza kuyendetsa mnyamata wa mu gemu mwa chidodo chake chomwecho. Ankatsegula kabati iliyonse, kuyang'ana kuseri kwa chithunzi chilichonse, ngakhale kumvetsera pakhoma. Kafulumira anayamba kutopa, ndipo munthu wodziwa yankho akatopa amasanduka mneneri.

"Ndikanakhala ine," anatero mosasamala, "ndikanayang'ana pamphasa ya pakhomo. Nsapato zilipo za anthu angati?"

Chidodo anabwerera pakhomo n'kuwerenga. "Za atatu! Iwe, lero mutu wako ukugwira bwanji? Wadya chiyani chimene ine sanandipatse?"

Kafulumira anaseka, ndipo kuyamikiridwako kunam'komera kwambiri moti anaiwala kumene nzeruzo anazitenga.

"Dikira, dikira," anatero Chidodo atachotsa manja pamabatani. "Mbale zitatu. Nsapato za atatu. Ndipo wazindikira kuti mayi ake sanamuyankhepo mchemwaliyu ngakhale kamodzi? Akalankhula, iwo amayang'ana mnyamatayu. Poyamba ndimati anayambana. Koma ayi, pali china." Anadzigogoda pachipumi ndi chala. "Chili pano. Ndikuchimva chikubwera. Usandisokoneze."

Anakhala choncho, maso ali gwa, milomo ikuyenda yokha. Kenako anabwerera ku kabati imene anali ataitsegula kale kawiri, kufunafuna kiyi wa chitseko cha m'khonde.

Apa m'pamene Kafulumira zinam'kwana.

"Iwe, usataye nthawi ndi kabatiyo! Kiyi ali m'chipinda cha malemu!"

Amayi anagwetsa pilo. "Malemu ndani? Wamwalira ndani? Mwamva kwa yani?"

"Palibe, amayi, ndi za mu gemu."

"Ana inu mudzandipha ndi mtima! Munthu n'kumatchula malemu masanasana ngati akutchula sopo!" Anatola piloyo n'kuikutumula mwaukali.

Koma Chidodo sanaseke. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana mlongo wake.

"Mu gemu muno simunamwalire munthu," anatero.

Kenako anayang'ananso pa sikirini. Mchemwali wa juzi yachikasu anali ataima pamasitepe, akumwetulira, akukodola ndi dzanja. Kafulumira anaona nkhope ya mlongo wake ikusintha. Mbale, nsapato, mayi wosayankha, zonse zinagwera pamalo pake nthawi imodzi, koma osati mmene iye ankafunira.

"Waonera," anatero Chidodo.

"Sindinaonere! Ndangoganiza."

"Munthu wongoganiza amati *mwina*. Iwe wati *malemu*, ngati kumaliroko unali nawo."

Chidodo anatseka laputopu. Sanaimenyetse ayi, anaitseka mofatsa, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa. Anatenga nsapato zake za mpira n'kutuluka nazo m'manja, osamanga n'komwe zingwe.

"Ndi gemu chabe," anatero Kafulumira chitseko chitatsekeka.

"Ngati ndi gemu chabe, maso afiiriranji?" anafunsa amayi. "Ine za magemu anuwo sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwana uja wakhala akundiimbira za mbale zitatu mpaka ndayamba kuzilota. Bwera kuno, gwira nsonga ya nsalu iyi tipinde."

Masiku otsatira anali ovuta. Kafulumira anayesa njira zonse zimene ankadziwa. Anam'pukutira nsapato za kusukulu. Anam'siyira dzira lake lam'mawa. Anam'tsukira mbale pa tsiku limene silinali lake. Chidodo ankalandira zonsezo n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, achemwali," ndi ulemu wonga wa mlendo. Chibadwire sanamutchulepo achemwali. Liwulo linkamveka ngati chitseko chotseka.

Loweruka lotsatira amayi anam'tuma Kafulumira kukagula sopo ndi babu la kubafa. Pobwera anapeza Chidodo ali pampando paja yekha, laputopu pamiyendo, mahedifoni kumakutu. Pamalo pa Kafulumira panali mulu wa matawulo. Anaima pakhomo kwa kanthawi, kenako anapita kukhitchini kukasenda anyezi, kuti ngati wina afunse za misozi pakhale chonamizira.

Ali mkati mosenda, Chidodo analowa. Maso anali atatuluka. Anatsegula firiji, kuitseka. Anazungulira tebulo. Anatsegulanso firiji.

"Mwana iwe, magetsi ukulipira ndiwe?" anafunsa amayi ali pachitofu.

"Haa! Anthu awa!" anatero Chidodo atagwira mutu. "Anthu opanga gemu awa ndi akatundu! Ayi, ine ndagonja!"

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa Kafulumira asanakumbuke kuti sakulankhulana.

Chidodo anamuyang'ana. "Iwe unaonera mpaka pati?"

"Mpaka pa chithunzi cha maliro."

"Basi?" Anayamba kuseka mpaka kutsamira khoma. "Pamenepo ndi pakati penipeni! Mbale zija, nsapato zija, anachita kuziika poyera dala kuti uziyang'ana kumeneko, uzidziona wochenjera. Chenichenicho chinali pomwepo kuyambira chipinda choyamba, ife osachiona!"

"Chiyani?"

"Chiyani chiyani?"

"Chidodo, tandiuza!"

"Pepani achemwali, ine ndi wachidodo. Ndiyankha chaka chamawa." Anatenga kagawo ka tomato pambale n'kutuluka akuimba mluzu.

Kafulumira anatsala ndi mpeni m'manja, mutu ukuwira. Lamlungu lonse ankangoganiza zomwezo. Ankakumbukira chipinda choyamba: tebulo, wotchi, sinki, zenera. Panalibe chachilendo. Kapena chinalipo?

Lolemba pa nthawi yopuma mnzake wa pa desiki anam'kankhira foni pansi pa buku. "Vidiyo ija ilipo mpaka kumapeto. Maliza msanga belu lisanalire."

Kafulumira anaitenga. Chala chinafika pamwamba pa kabatani koyambitsira. Anakumbukira Chidodo akuzungulira tebulo la kukhitchini, maso ali tong'o, akutsegula firiji popanda chofuna. Iye ataonera za malemu sanazungulire tebulo lililonse. Anangoti "oo" n'kukalowa m'kalasi ya masamu.

"Tenga foni yako," anatero.

"Ukudwala?"

"Tenga msanga ndisanasinthe maganizo!"

Madzulo ake anapeza Chidodo ali pakhonde akuchotsa matope kunsi kwa nsapato ndi kamtengo. Anakhala pambali pake osaitanidwa.

"Ndinalakwa," anatero. "Ndinaonera pa foni, ndipo ndinanama kuti ndangoganiza. Lero andipatsanso foniyo ndakana."

Chidodo anapitiriza kukolokosa matope.

"Ndikufuna ndiyambirenso kuchokera chipinda choyamba. Ndisewere ine. Koma ndekha sindingathe, ndimaopa masitepe aja."

"Ukufuna ndikhale pambali?"

"Eya."

"Ndikhala, koma ngati mwala. Sindiloza, sinditsokomola, sindikuthandiza. Ndipo ukathamanga n'kuphonya zinthu, zako zimenezo, Kafu."

Kafulumira anamwetulira. *Achemwali* uja anali atapita.

Loweruka litafika, zovala zili pachingwe, anachotsa matawulo pampando n'kukhala. Laputopu inali pamiyendo pa Kafulumira. Anayamba kuyenda m'nyumba ya mu gemu muja pang'onopang'ono moti ngakhale Chidodo anayasamula. Mbale sanaziyang'ane n'komwe. Anatsegula makabati, anayang'ana kuseri kwa zithunzi, kenako anaima pakati pa khitchini n'kukweza voliyumu.

"Kaphokoso aka," anatero. "*Ti... ti... ti...* Tinkati ndi mpope ukudontha eti?"

Chidodo anatenga pilo n'kubisa nkhope.

Kafulumira anayendetsa mnyamatayo kufika pasinki. "Mpope ndi wouma. Palibe dontho." Anam'tulutsa kupita m'khonde. "Kuno kulibe mpope, koma kakumvekabe chimodzimodzi." Anadina batani lothamangira, mnyamatayo anathamanga, ndipo kaphokoso kaja kanathamanganso: *ti-ti-ti-ti*. Anamuimitsa. Kanabwerera pang'onopang'ono.

Kafulumira anatembenukira kwa mlongo wake, amene mapewa ake anali kugwedezeka kuseri kwa pilo.

"Chidodo... kodi mnyamatayu ali kuti kwenikweni?"

Diso limodzi linasuzumira pamwamba pa pilo. "Ukufuna ndikuuze?"

"Ukangoyerekeza, nsapato zako za mpira ndikaziponya padenga!"

Nthawi yomweyo amayi ankadutsa ndi dengu la zovala m'chiuno. Anaima, n'kupendeka mutu kumvetsera.

"Kaphokoso kameneko ndikukadziwa ine," anatero. "Si kaja kamamveka pa makina a kuchipata—"

"Amayi!" anakuwa mapasawo pamodzi.

"Iii! Chabwino, chabwino! Munthu m'nyumba mwako momwe ana n'kumakutseka pakamwa. Sunthani miyendo ndidutse."

Anasuntha miyendo. Koma amayi sanadutse. Anaika dengu pansi, n'kukhala m'mphepete mwa mpando, maso ali pa sikirini.

"Nanga ukudikira chiyani?" anatero. "Kwera masitepewo, tione."