Wayalesi ya ku Chitemwa

Pakhomo pa bambo Misheck Nyirenda, m'dera la Mphamba, panali pamtendere. Iwo anali mkulu wa mpingo, mlimi wa fodya ndi mtedza, munthu wobweza ngakhale singano yobwereka. Ana awo anali awiri. Linah, wamkulu, anali atabwerera kwawo kuchokera kubanja kudzadikira mwana wake woyamba. Danwell, mlongo wake wamng'ono, anali ndi mawu okoma m'kwaya, koma mutu wopepuka akaona chitenje chikudutsa.

Chaka cha 1996, kachipatala ka mishoni ka ku Chitemwa kanali ndi wayalesi yolankhulirana ndi zipatala zina, ija ya "ova, ova". Aliyense wokhala ndi uthenga wa matenda kapena wa maliro ankautumiza kwaulere. Foni inali ku boma la Lundazi kokha, ku positi ofesi, ndipo kumeneko mawu ankagulidwa ngati sopo. Chifukwa cha mbiri ya bambo ake, Danwell ndiye anapatsidwa kiyi wa kachipinda ka wayalesiyo.

Namwino wa pamalopo, mayi Faides, anamuuza mosabisa. "Batile ili limadya dzuwa, ndipo mvula ikayamba dzuwa limasowa. Lipoti la m'mawa, uthenga wa odwala, basi. Mimba ya Linah sinakhale bwino. Tsiku lake likafika tingafune ambulansi ya ku boma, ndipo tiyiitanila pano."

"Ndamva, amama," anatero Danwell, ndipo tsiku limenelo ankanena zoona.

Koma mtima wake unali kwa Tionge, mtsikana amene anakumana naye pa msonkhano wa makwaya, wosesa pa chipatala china cha kufupi ndi Chipata. Kamodzi pa mwezi Danwell ankapalasa njinga kupita ku boma kukamuimbira foni. Asanamalize n'komwe kufunsa za kunyumba, mtengo wa nkhuku unali utapita. Anadandaula za ichi kwa Dickson, wogulitsa zitenje wa ku Kasungu, ali pamsika wa Lundazi.

Dickson anaseka mpaka kutsamira katundu wake. "Achimwene, mukufa ndi ludzu mwendo uli m'madzi. Kwa mtsikanayo wayalesi kulibe?"

"Iliko. Koma ndi ya odwala."

"Nanga inu simukudwala? Onani mmene mwaondera. Chinthu chaulere mukuchiopa, ndalama n'kumakataya ku positi. Mawu amatha ngati mchere kodi?"

Lolemba lotsatira, mayi Faides atapita kukadya, Danwell anatseka chitseko n'kuitana Chipata. Analankhula ndi Tionge mphindi zisanu, thukuta lili kamukamu. Palibe chinachitika. Lachitatu analankhula theka la ola. Pofika mwezi wa Januwale anali akumuimbira nyimbo zathunthu, vesi ndi kolasi yomwe, mitambo itaphimba dzuwa sabata yonse.

Chaulere chilibe chinsinsi. Zipatala zonse za pamzerewo zinkamva. Tsiku lina mawu a bambo wina anadula nyimbo pakati: "Chitemwa, chikondi chanu tachimva tonse. Chokani pamzele, ena tili ndi odwala. Ova."

Nkhani inafika kwa bambo Misheck. Anamuitanira Danwell kuchigafa cha fodya.

"Ndamva kuti mawu ako akumveka mpaka ku Chama masana. Ndi zoona?"

"Anthu amanama, adada. Ndimayesa chabe ngati ikugwila nchito."

"Ndinakuika pamenepo ndi dzina langa. Mlongo wako akuyenda atagwila msana, iwe ukusewela ndi chingwe chimene chingamukoke m'dzenje. Usiye."

Danwell anasiya masiku awiri. Tsiku lachitatu anaitananso Chipata, Tionge n'kumufunsa ngati wapeza wina, ndipo anatha ola lathunthu akumutsimikizira kuti ayi. Potuluka anaona kamuvi ka batire kali pofiira. Mayi Faides atamufunsa m'khonde kuti batire lili bwanji, iye anayang'ana pansi n'kuti lili bwino.

M'mawa mwake, mvula ikuwaza, makolo ake anabwera naye Linah pa ngolo. Pofika masana mwana anabadwa, wamkazi, koma magazi sanaleke. Mayi Faides anatuluka manja ali ofiira. "Itana boma. Ambulansi ibwele tsopano lino."

Danwell anayatsa wayalesi. "Lundazi, Lundazi, kuno ndi ku Chitemwa, tili ndi..." Kanyali kanazima. Anazimitsa, anayatsanso. Anagwedeza mawaya, anapukuta batire ndi malaya ake, anagwada pansi n'kulipempha ngati munthu. Linangoti zii.

"Mitambo yatipha," anatero mayi Faides. "Tenga njinga."

Danwell sanapalasepo chotero chibadwire. Matope anagwira matayala, iye n'kusenza njinga paphewa. Pamtsinje madzi anamufika m'chifuwa, nsapato imodzi inapita. Ankapemphera mokweza, akulonjeza Mulungu zinthu zimene analibe, akutchula dzina la Linah ngati kuti amumva. Yekha ndiye ankadziwa kuti si mitambo. Ulendo umene wayalesi ikanautha m'kuphethira kwa diso unamutengera maola atatu.

Atafika ku boma, ambulansi inanyamuka nthawi yomweyo, iye atakhala kutsogolo. Atayandikira ku Chitemwa anakumana ndi ngolo ija. Ng'ombe zinkayenda pang'onopang'ono, osati kulowera ku boma koma kumudzi. Bambo Misheck ankayenda pambali chipewa chili m'manja, ndipo mayi ake a Danwell anali atafukata khanda.

Pa maliro a Linah, bambo Misheck anaima kuthokoza anthu. Anathokoza mpingo, anathokoza mayi Faides. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Ndithokozenso Danwell. Onani mapazi ake mmene ang'ambikila. Makina anatikana chifukwa cha mitambo, koma mwana uyu sanam'kane mlongo wake."

Anthu anang'ung'udza movomereza. Danwell anaimirira.

"Adada, musandithokoze. Si mitambo. Batile ndinalimaliza ndine, dzulo lake, kuceza ndi mtsikana. Amama Faides anandifunsa, ndinawanamiza. Nikanakamba zoona, sembe Linah anam'tengela ku boma kukali nthawi."

Panalibe amene anamukalipira. Mayi Faides anaphimba nkhope ndi chitenje. Bambo Misheck anamuyang'ana, kenako anakhala pansi pa dothi lonyowa osamaliza mawu awo. M'nyumba khanda linayamba kulira, ndipo panalibe woliyamwitsa.

Achinyamata, imvani. Chinthu choikidwira anthu onse chimaoneka ngati chilibe mwini, ndipo kuchidya mobisa sikuoneka ngati kuba. Ndi kuba ndithu, ndipo bodza lobisira kubako ndilo limapha. Danwell analapa, mpingo unamulandira, bambo ake patapita nthawi anamukhululukira. Koma mwana wa Linah anakula akumutcha malume, ndipo tsiku lina anamufunsa kuti amayi ake anamwalira bwanji.