Supuni ya Agogo a Rufus

Odessa anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Agogo a Rufus adye.

Agogo a Rufus anali bambo a amayi ake. Kale ankakhala kumunda, kunja kwa tauni ya Macon. Ankakhala ndi akazi awo, Agogo a Idella. Koma Agogo a Idella anamwalira nthawi yozizira. Nthawi yotentha itafika, nyumba ya kumunda inagulitsidwa. Agogo a Rufus anadzakhala ndi Odessa ndi Amayi m'tauni.

Anabwera ndi katundu wochepa. Sutikesi imodzi. Mipando iwiri ya pakhonde. Chiwaya chachitsulo, chakuda bii. Supuni imodzi yamtengo. Ndi dengu limodzi la mapichesi.

Mapichesiwo anali a mumtengo wa Agogo a Idella. Anali omaliza. Mtengowo tsopano unali wa eni ake ena.

Ndiye vuto linali ili: Agogo sankadya.

Amayi anakazinga nkhuku.

"Zikomo mwanawe, ndakhuta," anatero Agogo.

Amayi anaphika nyemba ndi chigumu.

"Zikomo mwanawe, ndakhuta," anatero Agogo.

Kukhuta chiyani? Mphepo? Munthu anali atawonda, buluku kumangotsika. Anachita kuboola kabowo kena pa lamba wawo.

Adokotala anawayeza, n'kupukusa mutu.

"Akapanda kudya sabata ino, tiwagoneka m'chipatala," anatero adokotala.

Odessa anachita mantha. Sankafuna kuti Agogo achoke. Anapita pakhonde. Agogo anali atakhala pa mpando umodzi. Mpando winawo unali wopanda munthu.

"Agogo, kodi mumalakalaka chiyani?" anafunsa Odessa.

Agogo anayankha motsitsa mawu.

"Kobola wa mapichesi. Uja ankaphika agogo ako."

Odessa ankamukumbukira kobola ameneyo. Pansi mapichesi ofewa, a madzi a shuga. Pamwamba chikhokho chofiirira. M'mphepete mokhathamira ndi batala, molira khwaa ukaluma. Lamulungu lililonse akachoka ku tchalitchi, nyumba yonse inkanunkhira.

Odessa anathamangira kukhitchini.

"Amayi! Amayi! Agogo akufuna kobola!"

Amayi anakanda mutu.

"Ine mwananga sindinaphunzire," anatero Amayi. "Ndili mwana ndinkangokwera mitengo. Khitchini ndinkaidutsa ngati ili ndi njuchi."

Koma m'Baibulo la Agogo a Idella munali kapepala. Kanali kakale, kachikasu. Odessa anawerenga pang'onopang'ono.

"Kapu imodzi ya fulawa wofufuma yekha. Kapu imodzi ya shuga. Kapu imodzi ya mkaka. Sakanizani m'mbale. Sungunulani batala m'chiwaya. Thirani phalalo. Ikani mapichesi. Kenako..."

"Kenako chiyani?" anafunsa Amayi.

"Pafufutika. Panadonthera batala."

"Aa, n'zosavuta izo," anatero Amayi. "Kenako takasani. Chilichonse chimatakasidwa."

Lolemba anaphika. Kapu ya fulawa. Kapu ya shuga. Kapu ya mkaka. Batala, phala, mapichesi. Amayi anatakasa, kutakasa, kutakasa. Anaika chiwaya mu uvuni.

Agogo analawa pang'ono. Anaika foloko pansi.

"Ndi keke yabwino," anatero. "Koma si kobola."

Lachitatu anayesanso. Amayi anati mwina sanatakase mokwanira. Ndiye anatakasa mpaka thukuta kamukamu. Chimene chinatuluka mu uvuni, kalanga ine! Chinali cholemera, chonyowa, chopanda chikhokho.

Agogo anangochinunkhiza.

"Zikomo mwanawe, ndakhuta."

Amayi anakhala pampando n'kugwira tsaya. Misozi inalengeza.

"Amayi anga akanandiona, akanaseka mpaka kugwa," anatero.

Odessa anasuzumira m'dengu. Anawerenga. Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu, zisanu ndi imodzi. Mapichesi anatsala ongokwanira kobola mmodzi. Akalakwitsanso, basi.

Odessa anapitanso pakhonde.

"Agogo, ndiphunzitseni kuphika kobola."

Agogo anaseka pang'ono.

"Ine? Ha! Ine ngakhale dzira ndimapsereza. Agogo ako ankandithamangitsa m'khitchini."

"Ankakuthamangitsani bwanji?"

"Ndi supuni yamtengo ija."

"Ankakumenyani nayo?"

"Iyayi, iwe! Ankandipatsa. Inali yodzaza phala lotsekemera. Ankati, 'A Rufus, tengani supuni yanu. Kakhaleni pakhonde, musandisokoneze.' Ine ndinkapita. Ndinkanyambita ngati kamwana."

Agogo anayang'ana mpando wopanda munthu uja.

"Zaka makumi anayi ndi zitatu," anatero. "Lamulungu lililonse. Ndisanamalize n'kunyambita komwe, iwo atulukira. Akhala pamenepo, n'kumadzikupiza ndi kapepala ka nyimbo za ku tchalitchi. Ndimawasowa, mdzukulu wanga. Ndimawasowa kwambiri."

Odessa anawagwira dzanja. Nayenso ankawasowa. Koma mutu wake unali pa supuni.

"Agogo, supuniyo ankakupatsani nthawi yanji?"

"Akangothira phala m'chiwaya."

"Mapichesi atalowa kale?"

"Ayi. Mapichesi ankalowa ine nditatuluka."

"Nanga masupuni amtengo anali angati?"

"Imodzi yomweyo. Agogo ako sankafuna ina."

Odessa anaimirira nji! Maso anali mwaa.

"Ndiye supuni ili ndi inu pakhonde, iwo ankatakasa ndi chiyani?"

Agogo anakanda ndevu.

"Iwe mwana iwe," anatero. "Zaka zonsezi sindinaganizepo."

Odessa anathamanga, chitseko n'kulira phwa!

"Amayi! Sankatakasa! Agogo a Idella sankatakasa!"

"Osatakasa? Ndiye phala pansi, mapichesi pamwamba? Chikhokho chichokera kuti?"

"Kaya. Koma supuni inali pakhonde."

Amayi anayang'ana dengu. Anayang'ana Odessa.

"Awa ndi omaliza, ukudziwa?"

"Ndikudziwa, Amayi."

"Chabwino. Lero wophika ndiwe."

Linali Loweruka masana, dzuwa likuswa mtengo. Amayi anaviika mapichesi m'madzi otentha. Kenako anawaviika m'madzi ozizira. Odessa anasenda ndi zala. Makoko ankangovuka ngati sokosi. Amayi anadula mapichesi n'kuwawaza shuga pang'ono.

Kapu ya fulawa. Kapu ya shuga. Kapu ya mkaka. Odessa anasakaniza m'mbale ndi supuni yamtengo. Amayi anatulutsa chiwaya mu uvuni. Batala anali atasungunuka, akulira tswii.

Odessa anathira phala pa batala. Zinkaoneka zonyansa ndithu. Batala uku, phala uko.

Dzanja la Amayi linayamba kupita ku supuni lokha.

"Pang'ono pokha, Odessa. Kamodzi kokha."

"Ayi, Amayi!"

Odessa anatenga supuni ija. Agogo anali ataima pakhomo la khitchini, akusuzumira. Odessa anagwira m'chiuno. Anakweza chibwano.

"A Rufus, tengani supuni yanu," anatero. "Kakhaleni pakhonde, musandisokoneze."

Amayi anagwira pakamwa. Mwana kutchula agogo ake dzina!

Koma Agogo anaphulika kuseka. Anaseka mpaka misozi. Misozi ina sinali ya kuseka ayi. Analandira supuni ndi manja awiri. Anapita pakhonde, akunyambita.

Odessa anaika mapichesi pamwamba pa phala. Limodzi apa. Lina apo. Sanatakase. Amayi anaika chiwaya mu uvuni n'kutseka.

Odessa anagwada pa kagalasi ka uvuni. Anadikira. Palibe chinachitika. Anadikirabe.

"Amayi, taonani!"

Phala linayamba kukwera. Linakwera m'mbali mwa mapichesi. Linakwera pakati pa mapichesi. Mapichesi anamira, phala n'kuwafunda ngati bulangeti. Pamwamba panayamba kufiira. M'mphepete batala ankawira, tuthovu n'kumaphulika.

Kenako fungo linadzaza nyumba yonse. Linali fungo la Lamulungu. Linali fungo la nyumba ya kumunda.

Amayi anapumira m'mwamba n'kutsinzina.

"Ndi amayi anga enieni awa," anatero.

Odessa ananyamula mbale mosamala. Anaipereka kwa Agogo pakhonde. Agogo anaika foloko pambali. Anagwiritsa supuni yamtengo ija. Anatapa cha m'mphepete. Chikhokho chinalira khwaa.

Agogo anatafuna. Anatapanso. Anatapanso. Anatapanso. Mbale inayera mbee.

Odessa sanapirire.

"Agogo, ndi keke kapena ndi kobola?"

Agogo anapukuta ndevu.

"Ndi kobola wa Idella," anatero.

"Mwakhuta?"

"Kukhuta? Ndani wanena zokhuta? Onjezera, mwana iwe. Ndipo ngati nkhuku ija yatsalako, bweretsanso."

Amayi anathamangira kukhitchini, akuseka, akupukuta m'maso.

Odessa anatenga kapepala kachikasu kaja ndi pensulo. Pansi pa dontho la batala analemba ndi zilembo zikuluzikulu: OSATAKASA. SUPUNI MUPATSE AGOGO.

Atatero anatenga mbale yake. Anaima pafupi ndi mpando wopanda munthu uja. Sanadziwe ngati n'kololedwa.

Agogo anamenya pampandopo ndi dzanja, pha, pha.

"Khala apa," anatero. "Pamenepa pamakhala wophika."