Zoyenda Pansi pa Khungu la Silvesta

Madzulo ena m'chaka cha 1947, Silvesta, mmisiri wa mipando amene anakwatira ku Mbulumbuzi, ankamangirira mbuzi m'khola. Chingwe chinapulumuka m'dzanja lake lamanja. Anachitola, chinapulumukanso. Zala zinakana kumanga mfundo.

Pofika nyengo yothyola nandolo, mnofu wa patsinde pa chala chachikulu unali utatha, patatsala dzenje. Miyendo nayo inayamba kukoka. Tsiku lina mkazi wake Bibiana akumusambitsa kumsana, anachotsa dzanja msangamsanga.

"Bambo, musagwedezeke."

"Sindikugwedezeka."

"Nanga chikuyenda apachi n'chiyani?"

Pansi pa khungu pankatukuka ngati muli tiana ta mbewa. Pakaleka paphewa, payambe pantchafu. Sizinkapweteka, ndipo zimenezi n'zimene zinaopsa anthu. Kuchitsime amayi ankanong'onezana kuti munthuyo akudyedwa ali moyo. Ena ankalumbira kuti akadutsa pakhomopo amamva fungo la nyama yowamba.

Bibiana anapempha anthu kuti amunyamule pamachila mpaka kuchipatala cha mishoni. Dokotala wachizungu anamugogoda bondo ndi kanyundo, mwendo unadumpha. Anamubaya ndi singano m'mikono, Silvesta anamva ponse. Atatulutsa lilime, linali lofota, likunjenjemera lokha.

"Mitsempha yolamula minofu ikufa," anatero dokotalayo. "Koma maso, makutu ndi nzeru zikhalabe bwino."

"Mankhwala ake?" anafunsa Bibiana.

"Kulibe, mayi. Ngakhale kwathu kulibe."

Asisiteri anaphunzitsa Bibiana kudyetsa wodwalayo atamukhazika tsonga, chibwano chili pansi, phala lolimbirako chifukwa zamadzimadzi ndizo zimatsamwitsa, ndi kumutembenuza kuti asatuluke zilonda. Bibiana anachita zonsezo miyezi isanu ndi itatu. Mawu a Silvesta anayamba kulemera, kenako anatheratu. Awiriwo anapangana zolankhulana ndi zikope.

Ku Kadewere, kwawo kwa Silvesta, anthu anati matenda olephera azungu ndi a anthu. Masana ena mkulu wake Gregorio anafika ndi amuna anayi ndi machila.

"Alamu, tapita koombeza. Akuti wodya m'bale wangayu amagona naye mphasa imodzi."

"Alamu, opani Mulungu."

Gregorio anagwada patsogolo pa mng'ono wake. "Silvesta, ndi mkaziyu?"

Silvesta anasonkhanitsa mphamvu zake zonse kuti anene ayi. Lilime silinadzuke. M'malo mwake munatuluka kuseka kumene matendawa ankamubweretsera popanda choseketsa, dovu likuchucha, misozi ikutsika. Amuna aja anabwerera m'mbuyo. Mmodzi anachita chizindikiro cha mtanda.

"Mwamva?" anatero Gregorio. "Akusekayu si m'bale wanga. Mwamuika chinthu m'kati."

"Muyang'aneni m'maso!" anakuwa Bibiana. "Akaphethira kawiri ndiye kuti akukana!"

Silvesta anaphethira kawiri, n'kuphethiranso kawiri. Palibe amene anayang'ana.

Anamukweza pamachila. Bibiana anawathamangira mpaka kumsewu akufuula kuti asamumwetse chogona, koma Gregorio anamuopseza ndi chibonga. Anansi amene ankatunga naye madzi anangoima m'makonde mwawo. Silvesta anamva mawu a mkazi wake akuchepa kumbuyo mpaka anazimiririka.

Gregorio ankamukonda mng'ono wakeyo. Atafika ku Kadewere anamugoneka chagada pamphasa yatsopano, namupukuta kukamwa ndi nsalu yake yomwe. Kenako anabwera ndi chikho chodzaza ndi madzi a mizu, ochokera kwa sing'anga, oti asanzitse chinthucho. Silvesta anachiona chikhocho chikuyandikira. Nzeru zake zonse zinalipo.

"Imwa, mng'ono wanga," anatero Gregorio mofatsa, akumupendeketsa mutu. "Wachoka m'manja mwa mfiti."

Bibiana sanatumiziridwe uthenga wa maliro. Anamva patapita masiku anayi kwa mayi wina wogulitsa miphika, amene sankamudziwa, ndipo ankafotokozera aliyense wogula za munthu wa ku Kadewere amene anadyedwa ndi mkazi wake.