Chithunzi cha pa Mwala wa Netiweki

Mtembo wa Kondwani Sichali unapezeka Lachitatu, 6:40 m'mawa, m'chigwembe pansi pa mwala umene anthu a ku Chisenga amakwerapo akafuna kuimba foni. Dera lonselo netiweki imagwira pamenepo basi. Inisipekitala Esau Chitsulo, yemwe anali atagwira upolisi zaka 23, anafika kuchokera ku boma 10 koloko itadutsa.

Malemuyo anali atavala malaya a kuntchito, a banki. Bala linali limodzi, kunkhongo. Foni ndi kachikwama zinali m'thumba. Chimene chinasowa ndi tabuleti imene ankagwirira ntchito.

Chaka chimenecho banki inali kusamutsira ntchito zake zonse pa intaneti. Aliyense wolandira penshoni anayenera kujambulidwa nkhope ndi kudinda chala kuti alowe m'makina atsopano. Kondwani ndiye anatumidwa kumidzi kuti okalamba asavutike ndi ulendo wa ku boma.

Pakati pa anthu amene anaima pamwalapo panali mkulu wa mpingo, a Lazarus Kaonga. Ndiwo anafunditsa mtembowo jekete lawo.

"Mwawuka uli, adada?" anatero Chitsulo, m'Chitumbuka chochepa chimene ankadziwa. "Munamuona dzulo?"

"Ine yayi, bwana. Ndinali kumunda. Kweni anthu akuti anakangana ndi wa kabaza amene anamubweretsa."

Wa kabazayo anali Safeli Silumbu. Pofika 3 koloko masana anali m'chipinda chofunsira mafunso ku polisi ya Chitipa.

"Munakangana chiyani?"

"Anati ndimudikire mpaka amalize agogo onse. Ine ndinati njinga siidya nkhani, ndikapeze makasitomala ena. Ndinamusiya pamwala 2 koloko, ali wamoyo, akuseka."

"Magazi awa pa thalauzi?"

"Mbuzi, bwana. Ndinanyamula mbuzi yophedwa kupita ku Wenya."

"Tabuleti unagulitsa kuti? Ku Tunduma, ku Tanzania?"

Safeli anaseka mowawidwa. "Ndibe tabuleti, ndisiye foni ndi ndalama? Ndine chitsiru cha mtundu wanji ine?"

Funso limenelo Chitsulo anali atadzifunsa kale. Komabe anamutsekera, chifukwa a kulikulu ankafuna munthu m'khoti Lolemba, ndipo wina panalibe. Esnart, mkazi wa Safeli, anakhala pansi pa mtengo wa mango kunja kwa polisi masiku awiri. Chitsulo anayamba kulowera khomo la kumbuyo.

Lachinayi anapita ku banki kwa mkulu wa nthambi, Mayi Rebecca Nyirenda, kukafunsa mayina a anthu amene Kondwani anawalemba.

"Sisitimu ili pansi, bwana. Tikusamuka, ngakhale ine sindingathe kulowa. Koma ngati ankalembera pamene pali netiweki, chilichonse chimene anajambula chinapita ku likulu nthawi yomweyo."

"Ngakhale tabuleti itasweka?"

"Ngakhale mutaiwotcha."

Lachisanu, 11:20, mayiwo anamuimbira kuti sisitimu yayamba kugwira, ndipo anathamangira ku banki. Pa kompyuta panali anthu khumi ndi anayi a Lachiwiri. Womaliza anajambulidwa 3:52, patapita pafupifupi maola awiri Safeli atachoka. Dzina linali Oliver Kaonga, mphunzitsi wopuma pa ntchito. Kulembetsako sikunathe. Pansi pa chithunzi Kondwani anali atalemba mawu awiri: Si iwowa.

Nkhope ya pa chithunzi inali ya a Lazarus Kaonga.

Chitsulo anawapeza 4 koloko madzulo akusesa m'tchalitchi cha ku Chisenga. Anakhala nawo pa benchi, n'kuwapatsa pepala la chithunzicho. Mkuluyo analiyang'ana nthawi yaitali.

"Koma chitabuleti chija ndinachiponya m'chimbudzi," anatero motsitsa mawu. "Ndinachiphwanya ndi mwala, ndinachiponya m'chimbudzi cha kusukulu."

"Chithunzi chinali chitapita kale, adada. A Oliver ali kuti?"

"Oliver ndi mng'ono wanga. Anafera ku Zambia, kwawo kwa mkazi wake, zaka zitatu zapitazo. Tinamuika konko. Kuno palibe anakauza boma. Anandisiyira ana anayi ndi khadi la ku banki. Ine ndinati penshoni ndi thukuta la bambo awo, adye ana. Fizi ya Tiwonge, mmodzi wa anawo, ku sekondale inkachokera mmenemo. Ine sindinagulepo ngakhale nsapato."

"Ndiye anabwera makina atsopano."

"Anati wosadinda chala, basi, penshoni yake itsekedwa. Ndinadikira anthu onse achoke, n'kupita ndi mapepala a Oliver. Timafanana, kuyambira tili ana. Anandijambula bwinobwino. Atawerenga dzina anandiyang'ananso, n'kuti, 'Adada, a Kaonga anandiphunzitsa Sitandade 6. Inu si iwo.'"

Tsache linagwa m'manja mwawo. Sanalitole.

"Ndinamugwadira, bwana. Ine, munthu wa imvi. Ndinati mwana wanga, fufuta, tiiwale. Iye anati, 'Sizifufutika, zapita kale.' Ndinayesa akundinamiza kuti akandinenere. Kale ku banki likalakwika pepala ankang'amba, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinagwira chinthucho, iye anakoka, ine ndinakankha. Kumbuyo kwake kunalibe poponda."

"Munatsika kukamuona?"

"Ndinatsika."

"Anali akupuma?"

A Lazarus anatseka maso. "Ankapuma. Chipatala chili apa, mukuchiona. Ndinatenga chinthucho, ndinamusiya. Chiuta anandiona. M'mawa mwake ndinamufunditsa jekete, ndinatsogoleranso pemphero."

"N'kutipatsa Safeli."

"Ndinkati mudzamufunsa chabe, n'kumutulutsa. Ali ndi mwana wakhanda uja. Ndine ndinamuimirira pa ubatizo."

Chitsulo sanawamange unyolo. Anawalola kutseka chitseko cha tchalitchi ndi kukapereka makiyi kwa a dikoni.

Loweruka, 7 koloko m'mawa, anatsegula yekha chitolokosi. Safeli anatuluka akuphethira ndi kuwala, thalauzi atagwira pamanja chifukwa lamba anamulanda polowa.

"Tampeza amene anachita. Pepani, achimwene."

"Munkadziwa kuti si ine," anatero Safeli. Silinali funso.

"Ndinkakayika."

"Mukukayika choncho, Esnart akuti kwathu andigwetsera nyumba. Akuti ndinapha mwana wa eni." Anamanga pang'onopang'ono lamba amene anamubwezera. "Mubwere mukawauze nokha, bwana, pakamwa panu. Ine sangandimvere."

Chitsulo anatenga chipewa chake, n'kuuza dalaivala kuti alize galimoto.